Abale a Bambo Geddes

Lolemba

Manijala walengeza m'mawa uno posinthana shifiti, pakati pa nkhani ya matewera ndi nkhani ya lifiti yowonongeka: maliro a Bambo Geddes a mu rumu seveni ali Lachisanu, naini koloko. Khonsolo yafufuza abale awo masabata onsewa, sinapeze ndi mmodzi yemwe. Ndiye ingowatentha yokha. Kuwatentha! Watero n'kubwerera ku nkhani ya lifiti.

Zaka zinayi ndikuwasambitsa bambo amenewa kuno ku Woolwich, kunyumba yosamalira okalamba. Mzungu wa ku Scotland, wamtali, wamakani. Phala lawo la mchere, shuga ayi, ngati la kwathu ku Ntcheu. Ankanditcha "hen", ati kwawo ndi mawu achikondi. Nkhuku yathadzi, ine mayi wa mwana wamkulu! Ndinkangowasiya.

Tsiku lina ndikuwawenga zikhadabo anandifunsa kuti akadzafa kudzabwera ndani. Ine pakamwa panga posatseka apa ndinati, "Simudzapita nokha." Lero mawu aja asanduka ngongole.

Koma ndili ndi nzeru imene khonsolo ilibe. Iwo eni ankandiuza kuti anthu a ku Scotland ali ndi mafuko ngati ife, aliyense ndi mfunda wake. Basitu! Ine Nambewe nditati ndifere ku Karonga, Mbewe aliyense womva avula chipewa n'kubwera, ngakhale sitinaonanepo chibadwire. Chibale ndi fupa. Khonsolo imafuna mwana, mlongo, mphwawo. Ine ndikufuna fuko lonse.

Zochita sabata ino:
kupeza a Geddes onse a mu London
kupeza mfumu yawo kuti iuze anthu ake
kulemba mbiri ya malemu yokawerenga
kuuza amayi a kutchalitchi ku Lewisham, nyimbo
nkhata

Lachisanu kudzadzaza anthu. Manijala adzachita manyazi.

Lachiwiri

Tadala, mwana wanga, wandibwereka laputopu yake asanapite kuntchito. Wati m'Chingerezi chake chija ndikulowerera zosandikhudza. Maliro osandikhudza! Mwana ameneyu ndinamubweretsa kuno ali ndi mano a mkaka, n'chifukwa chake.

Ndalemba dzina lija pa intaneti. Abale inu! Anthu awa amasunga mbiri ngati mbewu ya chimanga. Ena akuti dzinali linachokera ku malo ena a kumpoto kwa dziko lawo. Ena akuti ayi, linachokera ku nsomba ina ya mano. Pachizindikiro cha banja lawo palidi mitu ya nsomba, yatong'ola maso. Ndaganiza kuti ndiye kuti nsombayo amasala. Koma Bambo Geddes Lachisanu lililonse ankatha mbale ya nsomba ndi tchipisi n'kuyang'ana ya mnzawo.

Zina zomwe ndaphunzira:
anaphana ndi banja loyandikana nalo zaka zambirimbiri
anali ndi malo, anawagulitsa
ena anathawira ku Canada, ena ku Australia
mfumu yawoyawo alibe

Alibe! Akuti amangotsamira pa fuko lina lalikulu. Mfumu ya fukolo ili ndi chithunzi itavala siketi, koma nambala ya foni palibe. Nanga munthu akamwalira amakauza ndani?

Pali sitolo yogulitsa zinthu za dzina lililonse: makapu, matayi, matawulo, ngakhale kajuzi ka galu. Ndaoda nsalu ya mizeremizere ya fuko lawo, yoti tikafunditse bokosi. Akuti ifika Lachinayi.

Ndapezanso gulu la a Geddes pa intaneti, anthu ambirimbiri. Ndalemba uthenga monga timachitira kwathu: wanu wamwalira ku Woolwich, mwambo wonse Lachisanu naini koloko, malo akutiakuti, nambala yanga ya foni nayi. Ndaika ndi chithunzi chawo cha pa Khirisimasi, atavala chipewa cha pepala.

Mtima wakhala pansi. Ndawerengera kuti pafunika basi yonyamula anthu.

Lachitatu

Ayankha!

Wa ku America: kankhope kolira, ndi funso loti malemu anali a nthambi iti.
Wa ku Australia: akuti ndiyang'anitsitse kalembedwe ka dzinalo, pali a Geddes enieni ndi ena ongofanana nawo.
Bambo wina wa ku Canada: akufuna dzina la agogo a malemu ndi tchalitchi chomwe anabatizidwira.
Mayi wina: akuti anthu asamale, ine ndine wakuba wa ku Africa, posachedwa ndiyamba kupempha ndalama.

Ine wakuba! Ndakwiya mpaka ndapsereza anyezi.

Abambo awiri ayamba kukangana za nsomba ija pansi pa uthenga wanga wa maliro. Mpaka masana akulemberana. Wina waika mapu. Munthu ali mufiriji ku mochale, iwo ali pa nsomba.

Mmodzi yekha ndiye wa kuno, wa ku Lewisham konkuno, basi imodzi kufika kumaliro. Wayankha mawu awiri: "Pepani, sindikuwadziwa." Ndani wati uwadziwe? Kumaliro timapita kukaona nkhope? Ndamulembera kuti maliro n'kulirana. Ndayesa kuzimasulira m'Chingerezi, zatuluka zopanda mchere. Sanayankhenso.

Pa bureki ndaimbira a Geddes ena omwe ndawapeza, wokonza mapaipi ku Romford. Wandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu. Kenako wafunsa ngati pali paipi yodontha.

Mai Nachisale, atcheya a amayi kutchalitchi, avomera okha osanyengerera. Sanafunse nthambi, sanafunse agogo. Angofunsa nthawi, n'kunena kuti ha, naini koloko ndi nthawi yoikira munthu imeneyo? Ambiri adzakhala akuchokera ku naiti, koma abwera.

Basi ija ndaichotsa m'maganizo. Takisi ikwana.

Lachinayi

Manijala wandiitanira mu ofesi, watseka chitseko. Wina wa m'gulu lija waimba foni kudandaula. Akuti n'kosaloledwa kuika dzina ndi chithunzi cha wokhala pano pa intaneti, ndi chinsinsi chake. Ndafunsa kuti chinsinsi tikubisira ndani, poti palibe akumufuna. Sanaseke. Wandichenjeza, wandiimirira mpaka ndafufuta uthenga wonse. Nsomba ija yapita nawo limodzi.

Nsalu sinafike.

Mbiri ya malemu ndalemba masamba awiri, koma onse ndi a anthu ophana kalekale. Za iwo eni ndili ndi izi zokha: anabwera ku London ali mnyamata, anagwira ntchito kudoko, ankadana ndi TV, ankakonda phala la mchere. Moyo wonse wa munthu, mizere inayi. Ndakhala pabedi pawo mu rumu seveni, matiresi osayala, ndalira pang'ono. Kenako belu la mu rumu teni.

Madzulo foni yalira, nambala yachilendo. Mawu a bambo, Chinyanja cha ku Lusaka. Anaona uthenga uja ndisanafufute. Dzina lawo ndi Geddes! Amayendetsa basi ku Romford, kwawo n'ku Chipata, akuda ngati ine ndemwe. Agogo awo anali kapitawo pa famu ya fodya, polembetsa msonkho anangowalemba dzina la bwana, basi linakanirira mpaka zidzukulu. M'gulu lija analowamo zaka zapitazo, koma atangoika chithunzi chawo palibe anawafunsanso za nthambi.

"Amai, ngati ni zina yathu, ni malilo yathu. Nizabwela."

Asinthana shifiti ndi mnzawo. Ndaseka ndekha m'khitchini, misozi ili mbwe. Fuko lonse la ku Scotland, wobwera ndi wa ku Chipata.

Komabe ndi Geddes. Mawa pali wachibale, pali amayi, pali nyimbo, pali nkhata. Lonjezo langa lakwana.

Lachisanu

Sindikufuna kulemba. Ndilemba.

Ndafika kotenthera mitembo nthawi ikadalipo, nkhata m'manja, chitenje pamwamba pa jekete. Kuzizira koluma makutu. A Geddes a ku Chipata ndawapeza pageti, suti yakuda, nsapato zowala, chipewa chili m'manja. Tapatsana moni ngati anamfedwa enieni.

Galimoto yakuda yalowa mwakachetechete, yopanda duwa ndi limodzi lomwe. Sindinaiganizire kanthu. Bambo wina wa pamalopo, wa chikhoti chakuda, watiyandikira n'kufunsa ngati tabwerera maliro a naini koloko, tilowe. Ndamuuza kuti tikudikira anthu, ali m'njira, afika pompano. Wayang'ana wotchi, wagwedeza mutu, wapita.

Ine ndimati wamva. Kwathu maliro sanyamuka anthu asanasonkhane. Amadikira malume a ku Joni masiku awiri! Ndipo sungalowe pasiwa awiriwiri ngati mukukagula mchere. Mumalowa pamzere, ndi nyimbo, kuti womwalirayo adziwe kuti ali ndi anthu. A ku Chipata nawonso avomereza kuti ni zoona, tiyembekeze azimai.

Tayembekeza.

Mai Nachisale atulukira ndi amayi anayi, maso ofiira ndi tulo ta naiti, mabulauzi oyera pansi pa majekete. Nthawi yomweyo kwalowa galimoto ina yakuda, maluwa mpaka padenga. Mtima wanga wati khonsolo yachita manyazi, yagula maluwa. Tafola pambuyo pake. Mai Nachisale ayambitsa nyimbo, tonse tapolokezana, a ku Chipata akugunda besi. Taloweratu mpaka m'kati.

Holo yodzadza azungu. Onse atembenuka. Kutsogolo chithunzi chachikulu cha gogo wamkazi atanyamula mphaka.

Nyimbo yafera pakamwa, mmodzimmodzi. Wotsiriza kusiya ndi a besi.

Wa chikhoti uja watitulutsa mwaulemu ngati akutulutsa nkhuku m'tchalitchi. Panja wandiuza kuti a Geddes analowa naini koloko yeniyeniyo, m'galimoto yoyamba ija. Pano aliyense ali ndi nthawi yake, pambuyo pali wina. Anadikira pang'ono, kenako anatseka katani, bokosi n'kupita kukatenthedwa.

Ndafunsa kuti munali ndani m'katimo.

"Ndinaima nawo ine," watero. "Timatero pakakhala palibe munthu."

Palibe munthu. Ine ndili pageti, nkhata m'manja, mtunda woti ukhoza kuponya mwala.

Amayi aimbabe pa malo oimika magalimoto, chapansipansi, kuopa kusokoneza gogo wa mphaka. Mbiri ija sindinaitulutse m'chikwama. A ku Chipata apemphera, avala chipewa chawo, athamangira shifiti ya masana. Palibe wandidzudzula. Bola akanandidzudzula.

Loweruka

Nsalu yafika. Yokongola, yofewa, yolukidwa bwino. Tadala wati ingakhale bwino pasofa. Ndamuyang'ana, wakalowa kuchipinda.

Bambo wa ku Canada uja wandilembera pandekha. Wanditumizira mtengo wonse wa banja lawo, mayina pamwamba pa mayina, mpaka anthu a nthawi ya malupanga. Wati akuganiza kuti wawapeza a Geddes athu, kabokosi kakang'ono m'munsi kumanzere, mwana wa msuweni wa agogo ake. Wasangalala kwambiri, akuti kabokosi kameneka kakhala kakumusowetsa tulo zaka zambiri. Akungopempha tsiku lenileni lomwe anamwalira, kuti akatseke.

Wachibale weniweni, wa magazi. Sanafunse ngati anadwala nthawi yaitali. Sanafunse kuti kumaliro kunali ndani.

Ndamutumizira tsikulo. Ndawonjezera kuti ankakonda phala la mchere. Wayankha kuti zikomo, koma m'kabokosimo mulibe malo a zimenezo.

Ndaimbira ku malo aja kufunsa za phulusa. Akuti akaliwaza m'munda wa maluwa kuseri, tsiku lomwe apeze mpata. Sauza anthu.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, ndili pa shifiti. Bwinonso. Nkhani ya gogo wa mphaka yafika kale mpaka ku Romford, akuti ena akuiwonjezera kuti tinavina.

Mu rumu seveni mwalowa munthu wina. Mayi wamng'ono thupi, sayankhula. Phala amadya la shuga. Dzina lake ndaliona pachitseko, sindinafunse kuti ndi la fuko lanji.

Nsalu ndaipinda, ndikapatsa a ku Chipata. Dzina ndi lawo, ndipo m'basi mumazizira.

Zomwe ndikudziwa tsopano za a Geddes: nsomba, malupanga, Canada, Australia. Zomwe sindikudziwa: ngati munthu amamva kuti wina waima pageti.

Madzulo tikudya ndamufunsa Tadala mfunda wathu. Waganiza, waganiza, watchula dzina la bambo ake la pa pasipoti. Ndamuuza kuti ndife a Mbewe, abwereze. Wabwereza akuyang'ana foni.

Ndiye ndamulanda foniyo n'kuiika pansi pa mbale.

"Tamvera. Tsiku langa likadzafika kuno, usadzaime pageti kudikira aliyense. Kaya a tcheya, kaya a Mbewe, kaya nyimbo. Akadzangoti lowani, iwe udzalowe."

Wati ndisamayankhule zoopsa nthawi ya chakudya. Ndati anene kuti wamva. Wati wamva.

Mawa ndikulowa seveni koloko. Lifiti sanakonzebe.