Lele Guruji ndi Mtsinje wa Bhima

Ku tauni ya Shirvali kunalibe munthu wosadziwa kuti Lele Guruji, kapena kuti aphunzitsi a Lele, salemba chinthu asanachiyese ndi thupi lawo. Olemba mbiri anzawo a mumzinda wa Pune amangokhala pampando n'kumakopera za m'mabuku a anzawo. Guruji ayi. Mukawauza kuti mtsogoleri wakutiwakuti anayenda mitunda makumi awiri tsiku limodzi, iwo ankatenga ambulera yawo yong'ambika n'kuuyamba ulendo. Pobwera, mapazi ali matuza okhaokha, ankalemba kuti: "Anayenda mitunda khumi ndi isanu ndi umodzi. Inayi yotsalayo anayenda ndi pakamwa pa anthu."

Anali mphunzitsi wopuma pantchito, woonda ngati chogwirira cha tsache, ndipo moyo wawo wonse anaupereka ku buku limodzi: mbiri ya Tatya Kondalkar, mtsogoleri wa alimi m'nthawi ya atsamunda, amene pambuyo pake anadzakhala nduna. Amene ankavutika nalo kwenikweni bukulo anali Yusuf Tamboli, wosindikiza mabuku, yemwe kale anali mwana wa sukulu wa Guruji koma tsopano nayenso imvi zili mbuu. Mitu khumi ndi umodzi anaisanja kalekale m'zilembo zachitsulo, inangokhala pathandala n'kumadya fumbi. Mutu wakhumi ndi chiwiri ndiwo sunkabwera, ndipo zaka zinakwana khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Kudikira pakokha Yusuf anali atakuzolowera, paja wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali Kamal-tai, mwana yekhayo wa Tatya, mayi amene onse ankawatchula kuti tai, kutanthauza achemwali. Maso awo ankazima pang'onopang'ono, ndipo adokotala anali atanena mosabisa kuti pofika chaka chamawa kudzakhala mdima. Lachisanu lililonse ankaimitsa ngolo pakhomo pa Yusuf.

"Yusuf-bhai, mchimwene wanga, kodi abambo anga ndidzawawerenga ndi maso angawa, kapena mudzachita kundiwerengera kumanda?"

"Latsala pang'ono, tai."

"Bodza limenelo munandiuza tsitsi langa likadali lakuda."

Yusuf anali ataona ndi maso ake mmene mutu uliwonse unabadwira.

Taonani za mutu wachitatu. Nkhani inali yoti Tatya atalankhula pamsika, mawu awo anamveka mpaka kukachisi wa paphiri. Guruji anamutuma Yusuf kuti akaime pamasitepe a kachisiyo, iwo n'kukwera pangolo ya anyezi, tsiku lamsika anthu ali pikitipikiti, n'kuyamba kukuwa mawu onse a Tatya kuyambira moni mpaka kumapeto.

"Guruji, mwandithamangitsira ogula," anatero mayi wa anyeziyo. "Ngati ndi ndale, kapangireni pangolo ya wamatimati uyo."

"Dekhani, mlongo, ndatsala ndi masamba anayi okha."

Yusuf atatsika, thukuta lili kamukamu, Guruji anamufunsa kuti wamvapo chiyani.

"Ndamva mawu amodzi okha: msonkho."

"Ndiye kuti a paphiri anamvanso omwewo. Ndipo anawakwanira, chifukwa mawa lake anatsika onse."

Mutu wachisanu ndi chiwiri ndiwo unatchuka mpaka kuboma. Tatya analemba m'kalata kuti anakhala miyezi khumi ndi inayi m'chitokosi mosatheka kutambasula miyendo. Guruji anapita kupolisi kukapempha kuti awatsekere momwemo. Mkulu wa apolisi anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

"Ife timatsekera olakwa, Guruji. Kalakweni kaye."

Guruji anayang'ana uku ndi uku, anatenga chipewa cha bwanayo patebulo, anachivala, n'kuyamba kutuluka mwapang'onopang'ono kuti asavutike powagwira. Anawatsekera masana onse. Yusuf atabwera kudzawapepesera, anawapeza atadzipinda pansi, mawondo ali pachibwano, misozi ikutsika.

"Iwe Yusuf, ine ndine wamfupi, ndipo ndakhala maola anayi okha. Tatya anali wamtali kuposa chitseko ichi. Miyezi khumi ndi inayi. Munthu ameneyu sananame ngakhale pang'ono."

Tsiku limenelo Yusuf anasiya kuwaseka, ndipo anayamba kuwaopa ndi mantha aulemu.

Tsono mutu wakhumi ndi chiwiri unali wa mtsinje. Mwana aliyense wa ku Shirvali amaidziwa nkhaniyo: atsamunda anati minda ilandidwa ngati dandaulo la alimi silifika kwa bwanamkubwa pofika Lolemba, mtsinje wa Bhima unali utasefukira, eni mabwato onse anakana, ndipo Tatya anamanga mapepala a zidindo za zala zikwi zinayi pamutu n'kusambira mpaka tsidya lina. Vuto linali limodzi. Guruji sankadziwa kusambira, ndipo madzi ankawaopa koopsa.

Zilimwe zitatu anaphunzira pamadzi a m'mawondo, atamanga zikho zouma m'chiuno, amayi ochapa zovala akugwa nako kuseka. Chaka chimene adokotala ananena zija, mvula itagwa mlungu wathunthu, Guruji analowa kwa Yusuf n'kupempha mapepala otsala olemera ngati dandaulo lija.

"Guruji, muli ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Lembani kuti anasambira. Aliyense akudziwa kuti anasambira."

"Aliyense analipo?"

"Mufa, Guruji."

"Ndikafa ulembe kuti sizitheka. Nayonso ndi mbiri."

M'mawa mwake tauni yonse inali pagombe, ogulitsa mtedza ndi tiyi osasowa. Bhima anali wofiira, akukokolola mitengo yathunthu. Guruji anavula malaya, anamupatsa Yusuf magalasi awo, anamanga mapepala pamutu ndi nsalu. Zikho anazisiya, poti Tatya analibe zikho. Miyendo yawo inkanjenjemera moonekeratu, koma analowa. Abale, munthu wamantha chotere kulowa m'madzi oterowo palibe womukakamiza, Yusuf sanaonepo chinthu chachikulu kuposa chimenecho.

Anasambira mikono isanu ndi umodzi. Kenako mtsinje unawatenga ngati chitsotso. Anthu anakuwa, ena anathamangira zingwe. Kumunsi pang'ono, pamiyala ya ochapa, mayi wina wachikulire dzina lake Hausabai anamenya njati yake yoweta ndi mtengo, n'kuikankhira m'madzi.

"Mchira, Guruji! Gwirani mchira!"

Anaugwira. Njatiyo, mphuno zokha zili pamwamba, inadula mtsinje mopingasa ngati ikupita kodya msipu, Guruji ali pambuyo akukuwa mayina a milungu yonse imene ankaidziwa. Yusuf ndi Hausabai anakwera njinga yamoto ya munthu wina, anazungulira pamlatho umene Tatya anamangitsa atakhala nduna, ndipo anakawapeza tsidya lina atakhala m'matope akusanza madzi. Mapepala pamutu anali ouma gwaa.

Hausabai anawayang'ana n'kupukusa mutu.

"Ndinu achiwiri kuwoloka ndi njati ya kwathu. Oyamba anali Tatya wanuyo. Anawawolotsa ndi amayi anga, Sakhubai, iwo atagwira nyanga, Tatya mchira. Ine ndinali pamiyala paja. Tatyayo ankakuwa kuposa inu."

Guruji anapukuta madzi kumaso.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa? Zaka zonsezi ndikukuchapirani zovala, Guruji. Munafunsa maloya, ansembe, aphungu, ngakhale wometa wa Tatya. Ine mumangondifunsa ngati malaya auma."

Yusuf anali asanaonepo mphunzitsi wake akuchita manyazi. Guruji anadzuka movutikira, anawerama, n'kukhudza mapazi a wochapayo anthu onse akuona. Hausabai anadumpha ngati waponda moto.

Pobwerera Yusuf anayesanso komaliza. Anati nkhani yosambirayo ili m'nyimbo za ana a sukulu, a chipani cha Tatya adzaphwanya makina ake, ndipo koposa zonse Kamal-tai adikira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuti awerenge za ngwazi, osati za munthu wolendewera kumchira wa njati.

"Mukufuna chomaliza kuona m'maso mwawo chikhale chimenecho?"

"Tiye tikawauze tokha. Ndikuopa kuposa mtsinje uja, koma tiye."

Anawapeza Kamal-tai pakhonde akusankha mphodza ndi zala, poti maso sankathandizanso. Guruji anafotokoza zonse ataimirira ngati mwana wolakwa. Mayiwo anasiya lichero. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, Yusuf n'kuganiza kuti akulira, koma kunali kuseka.

"Abambo anga kusambira? Munthu amene ankasamba atakhala pampando, madzi a m'kapu? Kunyumba tonse tinkadziwa. A chipani ndiwo anati mtsogoleri sangawoloke ndi mchira, iwo n'kuvomera. Chinawadya mumtima mpaka kufa. Mlatho uja anamangira mayi amene anawawolotsayo, koma dzina lake sanalitchule pagulu ngakhale kamodzi."

Apa kuseka kunatha, misozi inayamba.

"Ine ndimadikira kuti ndione ngati kudzapezeke munthu wolipeza dzinalo popanda ine kuwapereka abambo anga. Yusuf-bhai, mulilembe ndi zilembo zikuluzikulu, zoti ndithe kuziona."

Guruji analemba mutuwo masiku atatu. Yusuf anatenga zilembo zamatabwa zimene amasindikizira zikwangwani za kanema, n'kudzaza tsamba lathunthu ndi dzina limodzi. Buku litatuluka, Kamal-tai analitengera padzuwa, analiyandikiza mpaka kukhudza mphuno, ndipo anawerenga pang'onopang'ono: Sakhubai. M'buku lonse la masamba mazana anayi, mawu amene anawerenga ndi maso awo ndi amenewo okha. Ena onse anawawerengera ndi Guruji, masana aliwonse, mpaka kumapeto. A chipani anabweradi kudzaopseza, koma atamva kuti mwana wa Tatya wagula mabuku oyamba n'kukapereka limodzi kwa Hausabai, anabwerera mwakachetechete.

Guruji anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira, pakama pawo, mwamtendere. Kuyambira pamenepo Shirvali anapepuka moipa. Munthu atha kunena chilichonse pomwera tiyi, ndipo chimangodutsa. Choopsa n'chakuti nkhani zayamba kumera pa Guruji eni akewo. Ena akuti anasambira Bhima kupita ndi kubwerera. Wina anawonjezapo ng'ona.

Yusuf akamva zimenezi amaika kapu pansi.

"Sanasambire. Anagwira mchira, ndipo ankakuwa."

"Aa, Yusuf-bhai, mumaononga nkhani inu. Mwayesa anali mphunzitsi wanu? Apatseniko ulemu."

"Ndikuwapatsa. Wodziwa kusambira akalowa m'madzi palibe chodabwitsa. Ine ndinali nditawagwirira magalasi, ndinaona miyendo yawo."

Akatero tiyi wake amangozizira m'kapu.