Mmene Ndinapulumutsira Munthu Wosadwala

Mukadzafika ku Lundazi n'kumva anyamata a njinga pamsika akuitana nkhalamba ina kuti "adokotala," chonde musadzaipititsire matenda anu. Nkhalambayo ndine, ndipo ntchito yanga ndi yomata machubu ndi kuwongola masipoko. Udokotalawo ndinaupata Loweruka lina masana, theka la boma likuonerera. Ndaganiza zoulula ndekha mmene zinayendera, chifukwa amene akuifotokoza nkhaniyi akuithira mchere wambiri.

Ndiyambe ndi bodza langa. Kwa zaka zoposa makumi anayi ndakhala ndikuuza aliyense kuti ndinaonapo Ziphaliwali ndi maso angawa. Achinyamata simungazidziwe. Linali gulu loimba la kumigodi m'zaka za m'ma 70, anyamata asanu a tsitsi ngati chulu, magitala olira ngati macheka, mabuluku otambalala kumapazi osesa msewu. Woimba wawo ankatchedwa Chimphepo. Nthawi imeneyo ndinali mnyamata, ndikukhala kwa amalume ku Kitwe.

Zoona zake n'zakuti m'holomo sindinalowemo. Mlonda wapakhomo anayang'ana patapata zanga n'kundiuza kuti muno si m'bafa. Ndinazungulira kuseri n'kukaima pansi pa kawindo ka chimbudzi cha amuna kwa maola atatu. Nyimbo zonse ndinazimva (ndi zinanso zomwe sizinali nyimbo). Pa nyimbo yomaliza zonse zinangoti zii. Kenako anthu anayamba kulira ngati pamaliro, kenako chimfuu, magitala n'kubwerera. Ine kunjako ndinati basi, anali magetsi. Ndipo m'nkhani yanga zinakhala choncho mpaka kalekale: magetsi anathima, anthu analira, ine ndili kutsogolo kwenikweni, thukuta la Chimphepo likundidonthera pamphumi.

Ndi nkhani yomweyi ndinafunsira aNyaMtonga, mwana wa mkulu wa mpingo, amene anali atakana aphunzitsi awiri. Ndinalibe ng'ombe, ndinalibe ngakhale njinga, ndinali ndi Ziphaliwali basi. Iwo anamvetsera atapendeketsa mutu, akumwetulira pansi, ndipo anandilola. Kuchokera tsiku limenelo mantha anga akhala amodzi okha: kuti mayi ameneyu adzadziwa kuti anakwatiwa ndi munthu wa pawindo la chimbudzi.

Ndiye chaka chatha mapepala anamatidwa pamitengo yonse ya m'boma. Kukubwera Ana a Ziphaliwali, achinyamata a ku Lusaka amene ntchito yawo ndi kuimba ndendende ngati gulu lakale lija: nyimbo zake, zovala zake, kadumphidwe kake, mwina ndi katsokomoledwe komwe. Adzaimba m'holo ya loji ya a Nyirenda, 2 koloko masana, poti magetsi a madzulo sadalirika. A Nyirendawo anabwera okha pamalo anga, ndili mkati mopopa tayala.

"Monire adada! Mwamvela? Anthu anu abwela. Mpando wanu ni wa kutsogolo, inu na amama. Boma yonse ino palibe wina amene anawaona laivu."

Munthu wanzeru akanadwala malungo sabata imeneyo. Ine ndinatenga buluku langa la kutchalitchi n'kupita nalo kwa telala kuti alikulitse kumapazi ndi nsalu ya katani yakale. Chomwe chinandidabwitsa ndi aNyaMtonga. Mayi amene amati wailesi ndi phokoso ananena kuti nawonso apita, ndipo anatulutsa duku lawo la kuukwati.

"Nifuna nikaone zimene munaona, awiske Wezi," anatero. (Ndiye kuti bambo a Wezi, mwana wathu woyamba, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti tsikulo anali ku Chipata.)

Holo inadzaza mpaka m'mawindo: amayi a pamsika, aphunzitsi, alimi a fodya, ndi anyamata a njinga ataimirira kumbuyo. A Nyirenda anandiimiritsa, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako woimba wa gululo, kamnyamata kowonda kovala wigi yaikulu, kanatsika n'kundigwadira.

"Mudala, ngati talakwitsa penapake mutiuze. Ise tinangomvela kwa makolo."

Apa mpamene ndikanakhala chete. Koma ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Chimphepo sanali kugwila maiki na manja awili." Dzanja la Chimphepo sindinalionepo ngakhale pachithunzi. Mwanayo anathokoza, ndipo tsiku lonselo anagwira maiki ndi dzanja limodzi.

Atayamba kuimba, ndinene zoona, ndinalira pang'ono. Nyimbo iliyonse ndinkaidziwa liwu ndi liwu, koma aka kanali koyamba kuona zimene ndinangozimva pakhoma. Kani gitala ija ankaiimbira kumsana! Kani wang'oma ankavula malaya! Ndinamumvera chisoni mnyamata wa patapata uja, ndipo ndinamva ngati mlonda wandilowetsa tsopano. Ndinaimba mokweza kuposa masipika, aNyaMtonga atangokhala phee, manja pamiyendo ngati ali pa ulaliki.

Itafika nyimbo yomaliza ndinawanong'oneza kuti, "Apa m'pamene malaiti anayenda." Iwo anangofunsa ngati n'zoona, amvekere, "Nadi?"

Pakati pa nyimboyo woimba uja anagwira pachifuwa. Anadzandira uku, anadzandira uko, maso n'kutembenuka, kenako pansi khu! Magitala anangoti zii. Anzake anayi anavula zipewa n'kuyamba kulira. Tsono muyenera kudziwa kuti kalekale a zaumoyo anatiphunzitsa chithandizo choyamba kwa sabata imodzi, ndipo setifiketi yake yakhala kuseri kwa kalendala zaka zonsezi osagwira ntchito. Mtima wanga unati tsiku lake ndi lero.

"Wafwa!" ndinakuwa. "Mwana wa eni wafwa!"

Amayi a pamsika sachedwa pa nkhani ya maliro. Anayamba kulira kwenikweni, wina mpaka kugubuduka pansi akutchula mayina a abale ake. Ine ndinakwera pasiteji ndi mimba, bondo likulira, buluku n'kung'ambika mmene munadutsa telala. Ndinamugwadira mwanayo n'kuyamba kumudinikiza pachifuwa monga ndimapopera tayala la njinga yonyamula makala. Iye analankhula ndi m'mano, maso ali chitsinzinire.

"Mudala, chokani. Ni sewelo."

Mawuwo ndinawamva bwinobwino. Koma anatiphunzitsa kuti munthu akakomoka amabwebweta, choncho ndinakondwera kwambiri.

"Akali kupuma! Madzi! Bweletsani madzi!"

Palibe anabweretsa. Maso anga anagwera pa chidebe chachikulu chimene a Nyirenda ankaziziritsiramo zakumwa pambali pa siteji. Mphamvu zake sindidziwa zinachokera kuti. Ndinachinyamula n'kumukhuthulira chonse, madzi oundana ndi mabotolo omwe. Wigi ija inachoka n'kuyandama ngati nkhuku yomira, n'kusiya mpala wonyezimira. Madziwo sanaime pamenepo. Anayenderera mpaka pamene analumikiza mawaya onse, ndipo panangoti phuu! Moto, utsi, fungo la labala, magetsi n'kuthima. Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi anayi, nkhani yanga inakhala yoona.

M'holomo munali zii. A Nyirenda anabwera pasiteji, ndipo sanafunikire maiki.

"Adada, mwatichita vichi? Chimphepo anali kufa pa konsati iliyonse! Kufa kwamene uku ndiye anthu anali kubwelela! Aliyense amene anawaona aziba!"

Kumbuyo kuja mmodzi wa anyamata a njinga, amene ndakhala ndikumudyetsa nkhani imeneyi kuyambira ali ndi mamina, anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Nanga adokotala, kutsogolo kwamene munali inu kunali kuti?"

Holo yonse inagwa nacho chiseko, ngakhale mayi wogubuduka uja. Ine ndinaima chilili, chidebe m'manja, katani ikulendewera kumwendo. Chiseko cha boma ndikanachipirira. Chimene sindinathe ndi kuyang'ana mpando wa kutsogolo, pamene panali aNyaMtonga.

Mwana uja anali chigonere m'madzi, mano akugundana. (Ndimulemekeza, ntchito yake amaidziwa.) Kani lamulo lake linali lakuti Chimphepo sadzuka yekha, amadzutsidwa ndi mtsikana wochokera mwa anthu, ndipo mtsikana amene gululo linabwera naye kuti achite zimenezi anali atathawira panja ataona moto. Oimbawo ankangoyang'anana.

Ndipo ndinamva mpando ukukhwekhwerezeka. ANyaMtonga anaimirira n'kukwera pasiteji podzera pamasitepe (analipo masitepe, ine sindinawaone). Anandidutsa ngati mtengo. Anamasula duku lawo la kuukwati n'kugwira dzanja la malemuyo.

"Amama, amamanga kumanja," anatero wagitala.

"Ni kumanzele," anayankha osacheuka. Kenako analoza wang'oma. "Iwe, yamba na ng'oma ikulu, pang'onopang'ono. Osathamanga."

Ng'oma sizifuna magetsi. Mwanayo anayamba, du, du, du. ANyaMtonga anamanga duku padzanja, anaponda pansi katatu, n'kukuwa ndi mawu amene sindinawamvepo m'nyumba mwanga: "Uka, Chimphepo, uka!" Anakoka dukulo, mnyamatayo n'kudzambatuka ndi mpala wakewo, holo yonse n'kupenga. Anthu anamaliza nyimboyo ndi pakamwa ndi m'manja. Ndipo mkazi wanga, mayi wa ana asanu ndi mmodzi, msungichuma wa amayi a mpingo, anavina mavinidwe amene sindingawalembe pano poopa abusa.

Pobwerera tinayenda wapansi, ine ndikukankha njinga, nsapato zikulira madzi. Titafika pakamlatho ndinalimba mtima.

"ANyaMtonga, zija munazizibila kuti?"

"Ku Ndola, pa holide kwa ankhazi anga, alongo ao adada. Ninatulukila pa windo. Duku imene ninamumanga Chimphepo inali yao, ndipo m'mawa mwake mthiko unathyokela pamsana panga. Adada akanamva, sembe ananipha."

"Ndiye kuti munaziba kuti ine..."

"Tsiku loyamba. Pamene munakamba kuti malaiti anayenda."

Ndinaima. Zaka zonsezi ndakhala ndikulondera chitseko, kani mwini nyumba ali kale mkati. Manyazi anandigwira, koma pansi pake panali mantha akale aja, ndipo ndinafunsa ndi mawu aang'ono.

"Nanga munanilolelanji, munthu wa boza?"

"Munaniimbila nyimbo zonse osaphonya liwu na limodzi. Ine amene ninali mukati sininazigwile choncho. Ninati munthu amene angaime panja kumvetsela motele, na ine azanimvetsela." Anakhala kaye chete, kenako n'kundiyang'ana cham'mbali. "Koma munaima pati kwenikweni?"

Ndinawauza. Anaseka mpaka kukhala pansi pakamlathopo, akupukuta misozi ndi duku lonyowa lija, anthu odutsa akuyesa kuti kwagwa maliro ena.

Masipika a anawo anauma n'kuyambanso kulira, ndipo a Nyirenda anayambanso kundiyankha moni patapita miyezi itatu. Ine ndinatengapo phunziro, ndipo ndinasiyiratu kunena kuti ndinaona Ziphaliwali. Masiku ano anyamata akakhala pabenchi kudikira chubu chiume, ndimangowauza mmene Chimphepo anayendera ulendo wonse kuchokera ku Ndola kudzafunsira mtsikana wa duku uja, ndi mmene ndinamubwezera pasiteshoni ya basi ali misozi chuchuchu. Tsiku lina aNyaMtonga anandipeza ndili pakati pa nkhaniyi atandibweretsera mbatata. Anaika mbale pansi, anapendeketsa mutu, n'kungoti, "Nadi?"