Sabata ya Mayeso a Zamipopi

Lolemba
Dzina langa latuluka! Loweruka ndikukalemba mayeso ku boma, masamu ndi kuwerenga Chizungu. Okhoza akutengedwa kukaphunzira ntchito ya mipopi kwa amisiri. Ine pulambala! Miyendo yanga yatopa ndi kabaza.
Pulani:
- m'mawa masamu, pasiteji pa Chitakale podikira makasitomala
- masana Chizungu
- bawo ayi, sabata yonse
Buku ndabwereka kwa alamu anga, aphunzitsi a pulayimale. Akuti, "Mulisamale alamu, si langa." Ndalikulunga m'jumbo. Mayi akunyumba auza kale mudzi wonse kuti mwamuna wawo ndi mmisiri.

Lachiwiri
Mafulakishoni! Anayambitsa zimenezi ndani? Theka ndikulidziwa, kota ndikuidziwa, koma kuphatikiza theka ndi gawo limodzi mwa atatu, mutu ukuwira.
A Sayidi ogulitsa zinanazi akuti, "Bwerani nazo kuno achimwene, sizovuta izi." Adula chinanazi chimodzi pakati, china patatu. Anzanga a kabaza abwera kudzaonerera. Tisanafike pa yankho, funso lonse ladyedwa.
Komabe ndikumva ndithu kuti nzeru zikulowa!

Lachitatu
Nzeru yatsopano: kuwerenga zikwangwani mokweza uku ndikupalasa. Nthawi sikutayika!
Ndanyamula mayi wina ndi dengu lake la tomato, tikupita kumsika. Chikwangwani cha pomwetsera mafuta chili ndi liwu lalitali zedi. Ndikulitchula pang'onopang'ono, khosi lapotokera kumbuyo. Dzenje sindikuliona. Tomato mbwee msewu wonse.
Mayi aja: "Kodi inu ndinu akabaza kapena wailesi?"
Ndatola tomato mpaka masana. Chizungu cha lero ndi liwu limodzi basi, lopepesera lija, "sore".

Lachinayi
Chiperoni chatsika, phiri silikuoneka n'komwe. Jumbo ija kani ili ndi kabowo. Buku lanyowa, masamba amatana ngati chikondamoyo. Ndaliyanika pambali pa mbaula ya amayi owotcha chimanga, kenaka ndathamangira kasitomala. Pobwera, mutu wonse wa maperesenti wapsa.
Zochita:
- kuzemba njira yodutsa kwa alamu
- kupemphera kuti maperesenti asabwere
Bawo ndasewera pang'ono. Nayenso ndi masamu, amene akutsutsa abwere adzayese.

Lachisanu
Lero ndi tsiku lobwereza zonse. Ndakhala kunyumba dala.
Sindinatsegule n'komwe buku, a komiti ya mjigo ali pakhomo. "Apulambala, mjigo ukuvuta, tithandizeni." Mayi akunyumba akumwetulira, andigwirira kale sipanala ya njinga. Ndikana bwanji?
Amayi a zidebe andizungulira, ena akuyimba nthungululu. Ndamasula bawuti yoyamba, bwinobwino. Yachiwiri, bwinobwino. Yachitatu yapulumuka m'manja, yalowa m'paipi. Tonse tamva ikutsika. Chubwi!
Mayi wina akuti, "Poyamba madzi ankatuluka pang'onopang'ono, pano asiyiratu."
Ndawauza kuti ndi mmene imayambira ntchito ya mipopi. Onse apita kukatunga kumtsinje, palibe wanditsanzika.

Loweruka
Holo yadzaza, ena ndi ana ongomaliza Fomu Folo. Woyang'anira mayeso ndi mayi wamagalasi, wosaseka. Mapensulo ndatenga awiri, ndasongola mbali zonse. Ndakonzeka!
Chizungu: nkhani ya fakitale. Ndaimva ndithu, mafunso ake okha ndi amene akunena zina.
Masamu: funso loyamba, maperesenti. Lachiwiri, maperesenti.
Koma lomaliza, Mulungu ndi wabwino, la njinga! Akuti munthu akupalasa mtunda wakutiwakuti pa ola, akafika nthawi yanji? Apa ndiye pakwathu. Ndalemba tsamba lonse: zitengera chitunda, zitengera matope, zitengera ngati kasitomala ndi wonenepa. Mayi wamagalasi waima pambali panga nthawi yaitali, akuwerenga. Ndikukhulupirira kuti wagoma.

Lamulungu
Alamu andifotokozera potuluka m'tchalitchi kuti funso la njinga limafuna nambala imodzi yokha. Imodzi!
Zotsatira akuti mwezi wamawa. Sindikufulumira nazo.
Masana ndili pasiteji. Kasitomala woyamba, mayi wamagalasi uja, ndi chikwama chake, akupita kokwerera minibasi za ku Muloza. Njira yonse sindinawerenge chikwangwani ngakhale chimodzi. Maenje onse ndawazemba.
Potsika wandiyang'ana, wandizindikira. Koyamba ndamuona akuseka.
"Mumapalasa bwino, bambo. Njingayi musaigulitse msanga."
Chabwino. Mawa ndigula mafuta a tcheni.