Sabata Imene Ndinaba Mawu a Madala Kamwendo

Lolemba

Lero ndi tsiku loyamba la moyo wanga wa zoimbaimba. Ndikulemba kuti atolankhani asadzavutike mtsogolo muno.

Abwana aakazi a ku Protea Park, kumene ndimatchetcha kapinga katatu pa sabata, akukonza galaja. Mwana wawo anapita kutsidya kwa nyanja, katundu wake akutaya. Ati nditenge chimene ndikufuna. Wina akanatenga nsapato. Ine ndatenga izi:

– makina ojambulira mawu pa kaseti, a mizere inayi. Munthu mmodzi ukhoza kuimba kanayi, mawu nkumveka pamodzi.
– kiyibodi yaing'ono. Ili ndi ng'oma zake m'kati. Imagwiranso mawu a munthu, ochepa chabe, kenako batani lililonse limawalankhula, lina mokweza, lina motsitsa.
– kabokosi ka eko.
– maikolofoni yonunkha fodya.
– kaseti imodzi yabwino. Zinazo tepi yake inatafunidwa.
– buku la malangizo. Lili m'Chijeremani.

Ndabwera nazo pa tekisi mpaka ku Freedom Park, kumene ndimakhala kuno kumigodi, nditazifungatira ngati mwana wodwala. Magetsi kuno kulibe, koma batire ya galimoto ndili nayo.

Pulani yake nayi. Loweruka masana kwa Mma Dikeledi, mwini shabini ya kuseri kwathu, kumadzaza anthu a kumgodi. Kumabweranso Bra Tshepo, woyendetsa tekisi, amene mlamu wake akuti amasesa mu situdiyo ina mu mzinda waukulu wa Jozi. Akangomva nyimbo yanga, basi, kapinga tasiyana. Nyimbo za kwaito zabwerazi si zovuta. Biti, mawu atatu, kubwereza mpaka anthu atatopa.

Vuto ndi limodzi. Mawu anga ndi opyapyala. Kwathu ku Dedza aphunzitsi a kwaya ankandiimika kumapeto kwa mzere, pafupi ndi zenera lotsegula. Koma nchifukwa chake azungu anapanga makina.

Lachiwiri

Phunziro loyamba: kunenepetsa mawu. Umaimba pa mzere woyamba, kubweza tepi, kuimba zomwezo pa wachiwiri, chimodzimodzi mpaka wachinayi. Ndaimba kanayi. Ndamvetsera. Tilipo anayi ndipo sitikugwirizana. Mmodzi akuthamanga, wina watsalira, wachitatu akutsokomola. Wachinayi akuimba nyimbo ina imene ine sindiidziwa.

Phunziro lachiwiri: eko. Ndapotokola kachitsulo pang'ono, zikumveka ngati ndili m'holo yaikulu. Ndapotokola mpaka kumapeto, makina akuwa ngati nkhumba ili pa mpeni, malata onse a mkhukhu wanga, kanyumba kamene ndimagonamo, akunjenjemera. Mma Dikeledi wafika ndi chikolopa m'manja kudzaleretsa ndewu. Wandipeza ndekha. Wasuzumira pansi pa bedi. Wachoka akupukusa mutu, akuti anthu a ku Malawi amakangana ngakhale ali okha.

Phunziro lachitatu ndaliganiza ndekha: mawu akuya amafuna malo akuya. Ndalowetsa mutu ndi maikolofoni mu mgolo wopanda kanthu. Zikumveka ndithu! Koma mgolowo unali wa parafini. Vesi yachiwiri sindikuikumbukira. Mutu ukuzungulirabe.

Lachitatu

Pa makina pali kachitsulo kochepetsera liwiro la tepi. Ukachepetsa, mawu amatsika. Ndachepetsa pang'ono: ndine mwamuna. Ndachepetsanso: ndine ng'ombe yodwala. Ndawonjezera liwiro: mbewa pa msonkhano. Penapake pakati pa ng'ombe ndi mbewa payenera kukhala woimba. Sindinamupeze.

Masana abwera a Kamwendo, madala a mkhukhu wachitatu kuchokera pa wanga. Anagwira ntchito pansi mu mgodi mpaka chifuwa chinawatulutsa. Tsopano ndi mkulu wa mpingo, mowa salawa, wailesi amatsegula nthawi ya nkhani yokha. Kwawo ku Ntcheu sanapondeko zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mtchona weniweni.

Avula chipewa pakhomo ngati akulowa mu ofesi. Ati amva kuti ndili ndi makina. Munthu wa kwawo akukwera basi Lolemba. Kulemba kalata sangathe, manja amanjenjemera, ndipo akazi awo, a Nangozo, sawerenga. Akufuna kutumiza mawu.

Ndafufuta anzanga anayi a dzulo aja, sindiwasowa. Ndawapatsa maikolofoni. Aigwira ndi manja awiri ngati chikho cha mgonero. Tepi yayamba kuzungulira. Kenako:

"Nangozo. Ndine. Sindinafe."

Mawu ake! Akuchokera pansi penipeni pa nthaka. Fumbi la mgodi lachita chimene kachitsulo kanga kakulephera. Malata anjenjemera popanda eko.

Ndatuluka panja kukayang'ana mitambo, nkhani za m'banja si zanga. Koma malata sabisa. Ndamva maina a ana, za adzukulu amene sanawaonepo, za mkazi wina wa ku Phokeng amene anamwalira, za manyazi amene amakula chaka ndi chaka mpaka munthu kuopa siteshoni ya basi. Alankhula mpaka tepi kutsala pang'ono kutha. Nditalowa ndawapeza akupukuta maso ndi chipewa. Ati ndisunge kaseti bwino, adzatenga Lamulungu.

Ndisunga. Koma liwu lija... Limodzi lokha. Kungobwereka.

Lachinayi

Ku kapinga sindinapite. Ndatumiza uthenga kuti ndatsegula m'mimba.

Phunziro la lero: kudula mawu. Ndaliza kaseti ya a Kamwendo, ndagwira ka "sindinafe" kokhako mu kiyibodi. Kakwana ndendende. Batani la pakati: a Kamwendo. La kumanzere: agogo awo a a Kamwendo. La kumanja: a Kamwendo ali ndi zaka zinayi. Ukadina mwachangu katatu: sindi-sindi-sindinafe. Ndayatsa ng'oma. Ndathira eko pang'ono, ngati mchere. Ndadinanso.

Iyi ndi nyimbo. Iyi ndi nyimbo!

Koma kiyibodi imaiwala ikangozima, ndipo batire yayamba kufooka. Ndiyenera kujambula tsopano lino. Kaseti yabwino ndi imodzi yomweyo. Palibe chodetsa nkhawa. Uthenga uli pa mzere woyamba, ine ndigwiritsa ntchito itatu inayo. Ng'oma pa wachiwiri. A Kamwendo oduladula pa wachitatu. Ine pa wachinayi, kuyankha chakumbuyo: eya, eya.

Ndajambula ng'oma, sizinakome, ndapitiriza kutsogolo, ndajambulanso, chotero mpaka tepi yatsala pang'ono kudzaza. Kenako ndathira a Kamwendo pa wachitatu, ine pa wachinayi. Luso silithamangitsidwa. Dzuwa litapendeka ndabweza tepi kuti ndimve ngati uthenga uli bwino.

Pa mzere woyamba pali ng'oma.

Ndapititsa tepi kutsogolo. Ng'oma. Pakati. Ng'oma. Kachitsulo kofiira kosankhira mzere kanali pa wani nthawi yonse imene ndinkajambula ng'oma. Mwina buku la Chijeremani linachenjeza.

Zotsala pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za a Kamwendo:

– liwu limodzi, lobwerezedwa kosawerengeka pa biti yovinira.
– kutsokomola kwawo, kumapeto kwenikweni kwa tepi.

Lachisanu

Njira zilipo zitatu. Kuwauza. Kusamukira ku Lefaragatlha osatsazika. Kukonza ndi luso.

Ndasankha luso. Ndagula kaseti yotchipa pa okala ya pamsewu. Ndilankhula uthengawo ndekha, kenako nditsitse liwiro kuti ndimveke ngati iwo.

Ndayesa. Zikumveka ngati a Kamwendo ataledzera, ali pansi pa madzi. Maina a ana ndikukumbukira awiri mwa asanu ndi mmodzi. Wachitatu ndi Esitere kapena Esinati. Za mkazi wa ku Phokeng ndinamva theka, sindikudziwa ngati ndipepese kwambiri kapena pang'ono. Ndapepesa mwapakatikati. Ndawonjezera kuti ndikubwera pa Khirisimasi, kuti zikome. Kenako ndaona m'maganizo mayi wa eni atapha nkhuku, atavala chitenje chatsopano, akudikira pamsewu mpaka basi yomaliza. Ndafufuta zonse.

Ndapita kukaulula. Andilandira ndi tiyi wamkaka. Andipatsa mpando wawo wokhawo, iwo akhala pa chitini cha penti. Ati kuyambira Lachitatu akugona ngati khanda, ndipo chifuwa chapepuka. "Mphwanga, wanditula katundu." Ndamwa tiyi. Ndayamikira shuga. Ndabwerako.

Mawa ndi Loweruka. Nyimbo ilipo kale, kuisiya m'bokosi sikubweza uthenga. Komanso a Kamwendo ku shabini sapondako. Komanso kwa Mma Dikeledi ndani amamva Chichewa? Ndaganiza bwino mbali zonse.

Loweruka

Ndakweza makina pa wilibala. Mma Dikeledi wawakana, wati iye ali ndi wailesi yake yaikulu. Walanda kaseti, waiika mbali yolakwika. Phunziro limene sindinalifune: kaseti ya mizere inayi mu wailesi wamba imalankhula chobwerera. A Kamwendo atuluka mu sipika akumeza mawu ngati chiwanda. Abambo awiri a ku Lesotho athawa, mabotolo sanaiwale. Mma Dikeledi wawaza mchere pakhomo.

Ndalumikiza makina anga ku masipika ake. Biti. Eko. Sindi-sindi-sindinafe.

Avina! Atswana, Amaxhosa, a ku Mozambiki, ngakhale a ku Lesotho aja abwerera. Mkulu wina wa ku Tete, amene amamva chilankhulo chathu, wawamasulira tanthauzo, ndiye moto wakolera. Anthu olowa pansi m'mamawa nkutuluka madzulo, liwu limeneli ndi lawo. Nyimbo yabwerezedwa kasanu. Akuimba mabotolo ali m'mwamba, aliyense m'katchulidwe kake.

Bra Tshepo wandikumbatira. Wati madala woimbayo ndi pulatinamu yeniyeni, mwala wodula wa m'migodi ya kuno. Wafunsa kuti kakulira "eya, eya" kumbuyoko nchiyani, kodi tepi yawonongeka? Ndati inde, tepi. Wati ndikachotse.

Kenako anthu a pakhomo apatuka. A Kamwendo, jekete la mpingo, Baibulo m'khwapa, akuchokera ku msonkhano wa akulu. Kumbuyo kwawo akulu ena awiri ndi abusa. Njira ya ku tchalitchi imadutsa kuseri kwa shabini. Mbali imeneyi sindinaiganize.

Aima pakati. Sipika ikunena mawu awo, motsitsa, mokweza, ngati agogo, ngati mwana. Wa ku Tete uja wawazindikira, wakuwa kuti woimba ndi ameneyu, ndipo anthu awanyamula. Mkulu wa mpingo, m'malere, m'shabini, Baibulo m'khwapa, abusa akuonerera.

Atawatsitsa akonza jekete, andiyang'ana. Anena liwu limodzi la Chifanakalo cha kumgodi, lija akapitawo amatchulira chitsiru: "Mampara." Atuluka.

Bra Tshepo wati popanda madala palibe zokambirana. Ndakankha wilibala kubwerera kunyumba. Gudumu likulira njira yonse, mwa biti yabwino ndithu.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo. Alengeza kuti a Kamwendo apume kaye pa ukulu mpaka nkhani itafufuzidwa, chifukwa mawu awo anapezeka pamalo osayenera, ngakhale thupi linafika mochedwa. Amayi ena pa benchi ya patsogolo panga akung'ung'uza kanyimbo chapansipansi. Ndakazindikira.

Masana abwera kwanga. Chipewa sanavule. Ndaulula zonse, za mzere woyamba, za kachitsulo kofiira, za Esitere ndi Esinati. Ati ndi Esinati. Ndati tijambulenso, kaseti yotchipa ilipo, batire ndatchajitsa.

Agwira maikolofoni. Tepi yazungulira. Atsegula pakamwa, atseka. Atsegulanso. Andibwezera maikolofoni. Ati zinthu zoterozo munthu amanena kamodzi.

Kenako ati ndiyatse nyimboyo. Amvetsera yonse, manja ali pa maondo. Phazi lamanzere lagwedera pang'ono, ndaona, sindidzauza munthu. Ati a Nangozo anali kale ogontha khutu limodzi pamene iwo ankachoka, pano mwina ndi onse awiri. Uthenga wautali uja akanamva theka. Uwu ngakhale mbuzi za kumudzi zikamva. Zotsalazo akanena okha ndi pakamwa, tsiku limene adzapeze mtima wokwera basi.

Malamulo awo:

– ndikopere nyimbo pa kaseti yotchipa, kuti ikalire bwino mu wailesi wamba.
– yoyambirira atenga iwo, isabwererenso kwa Mma Dikeledi.
– Lachitatu ndipite ndi makina ku kwaya ya amayi. Nyimbo makumi awiri. Eko ayi, ng'oma ayi, ine ndizingodina batani. Mwina abusa angafewe mtima.

Ndavomera zonse. Ndafunsa chabe ngati dzina langa lingalembedwe pa kaseti yopita kumudziyo, poti wojambula ndine. Aganiza pang'ono. Ati ndilembe lonse, la bambo anga, ndi la mudzi wathu lomwe, kuti a Nangozo adziwe woti amutukwane.

Ndalemba, zilembo zikuluzikulu.