A Kamodzi ndi Penti Wawo Wofiira

Mzinda uno ndinaujambula ndine. Msewu uliwonse umene mumayendamo ndinaulemba ndi chala changa ichi pa fumbi, akuluakulu a kukhonsolo atagwada pambali panga, akukopera. Chabwino, ndanama. Kukhonsoloko ine ndinathera pa geti, mlonda atandiyang'ana nsapato. Amene anagwirako ntchito ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga, ndipo mumzinda muno simunakhalepo munthu amene anamenyedwa ndi anthu ambiri ngati iwo. Kumenyedwa kochita kupempha okha.

Ankawatcha a Kamodzi. Ntchito yawo inali kulemba mtanda wofiira pa nyumba zoti zigumulidwe. Akalemba, ankaika chitini cha penti pansi, bulashi pamwamba pake, n'kuvula chipewa. Kenako manja kumbuyo, tsaya kutsogolo, mawu aulemu ngati opempha madzi akumwa: "Eni nyumba, menyani. Koma kamodzi."

Muyenera kudziwa mmene mzinda unkakulira masiku amenewo. Ukagona kuseri kwako kuli tchire, podzuka upeza munthu wamanga, wakwatira, mkazi wake ali pakhomo pako kudzabwereka mchere. Mnzanga wina anapita kukagula sopo, pobwera anapeza njira yake yasanduka chipinda chogona, eni ake akuliza mkonono. Nyumba zinathinana moti ukayetsemula, wokudandaula anali wa nyumba yachitatu. Pakagwa maliro, bokosi linkayenda pa madenga. Ndiye khonsolo inakhala pansi n'kujambula mapu: apa msewu, apa mapaipi a madzi, apa nyumba zosanjikizana zoti anthu azigona pamwamba pa anzawo ngati mbale. Nzeru yabwino ndithu. Koma kuti zatsopano zimangidwe, zakale zinayenera kugwa, ndipo mapu sayenda okha kukagogoda pakhomo pa munthu.

Tsiku limene mapuwo anapachikidwa mu ofesi, woyeza malo wina anakokera alamu anga pambali n'kuloza ndi pensulo. Mzere wa msewu waukulu unadutsa pakati penipeni pa khitchini yawo. Nyumba imeneyo achemwali anga anaumba okha njerwa zake, mimba ili apo, mpaka zala zawo zinkaoneka m'khoma. Alamu anakapempha abwana kuti ntchito ayambire kumapeto kwenikweni kwa mzinda, kutali ndi kwawo. Kunyumba sananene kanthu. Anauza ine ndekha, poti ankadziwa kuti zonena ine palibe amakhulupirira.

"Alamu, mudzawauza liti achemwali?"

"Mawa."

Mawa ameneyo anakula, anamera mano, mpaka anayamba sukulu.

Mwambo wa chibakera unayamba pa nyumba yoyamba. Mwini wake anali wabutchala, munthu wa mikono ngati ntchafu za ng'ombe zimene ankagulitsa. Ataona mtanda uli psuu pa khoma lake, sanafunse dzina kapena moni. Phaa! Alamu anga anaona nyenyezi masana, zina mpaka anazipatsa maina. Atatsitsimuka anapeza wabutchala uja atakhala pa mwala, akulira ngati mwana. Atatha kulira anadzuka, n'kuyamba kutulutsa mipando yake mwakachetechete, ndipo anapempha alamu omwewo kuti amugwirire tebulo mbali inayo.

Alamu anaganiza njira yonse yobwerera, tsaya lili ngati chibuluni. Anati mkwiyo wa munthu wogumulidwa nyumba uli ngati chithupsa: ukapanda kuuphulitsa pamalo amodzi, umayenda thupi lonse. Khonsolo ilibe tsaya. Iwo anali nawo masaya, awiri.

Anaika malamulo, ndipo ankawatsata kuposa a m'buku lopatulika. Womenya akhale mwini nyumba. Dzanja likhale lopanda kanthu: mwala ayi, thabwa ayi, mphete vulani. Ndipo kamodzi. Ukaphonya, waphonya. Kalipentala wina anazungulitsa mkono mwaukali, alamu n'kuwerama kuti athamangitse ntchentche pa bondo, chibakera chinakathera pa khoma. Anapempha kubwereza.

"Pepani bambo, mwamenya nyumba yanu yomwe. Mlandu watha."

Landilodi wina anali ndi mdadada wa zipinda za lendi, wautali ngati sitima. Anavula jekete n'kunena kuti awamenya alamu chibakera chimodzi pa chitseko chilichonse.

"Denga ndi limodzi," anatero alamu.

"Koma zitseko ndi zambiri!"

"Ine ndalemba mtanda umodzi. Kapena ndiitane alendi anu okhala m'zipindamu, tione amene akufuna kumenya ndani?"

Alendi anali atatuluka kale, ena akupinda malaya. Landilodi anayang'ana nkhope zawo, n'kuwasisita alamu pa tsaya ngati akuchotsa fumbi, ulendo wothawa.

Gogo wina wokalamba kwambiri anadandaula kuti mikono yake yatha mphamvu, ndipo si chilungamo kuti nyumba yake ipite ndi kambama konga kopha udzudzu. Alamu anamva chisoni, navomera kuti asankhe womuimira. Gogoyo anaitana mkamwini wake, wonyamula matumba a simenti, amene ankatsegula botolo ndi chikhadabo. Ine ndinalipo. Alamu anga ananyamuka pansi, anadutsa pamwamba pa mpanda, anapatsana moni ndi khwangwala, n'kukatera pabwalo la nyumba yoyandikana nayo. Imeneyonso inali yogumulidwa. Ali chigonere anakuwa kuti, "Ndafika kale kuno! Wina andiponyere chitini!"

Ovuta anali abusa a tchalitchi china cha malata chimene chinamangidwa podutsa mapaipi. Anati iwo samenya munthu, amakhululuka.

"Abusa, mukhululuke mukatha. Ndili ndi nyumba zina."

"Mwana wanga, dzanja ili ndi lodalitsira."

"Ndidalitseni nalo mwamphamvu."

Abusa anayang'ana kumwamba, anayang'ana mtanda wa penti, anapatsira mkulu wa mpingo magalasi awo. Chimene chinatuluka m'mkono umenewo anali atachisunga kuyambira kusukulu ya ubusa. Khutu la alamu linalira belu mpaka Lamulungu linalo. Abusawo, anthu amati, sanalalikepo bwino ngati mlungu umenewo.

Akukhonsolo atamva, anachita manyazi n'kuwagulira chipewa chachitsulo chophimba mpaka masaya. Anachivala tsiku limodzi. Telala wina anathyokerapo zala, ndipo alamu anamuperekeza okha kuchipatala, akupepesa njira yonse. Zala zitapola anabwerera kwa telalayo mutu uli pamtunda kuti amalize bwinobwino.

Nkhope yawo inkasintha mlungu ndi mlungu. Mphuno inkaloza kumanzere Lolemba, Lachisanu yabwerera kumanja. Galu wawo yemwe anatopa n'kuyamba kuwauwa ngati mlendo. Madzulo alionse achemwali ankatenthetsa madzi n'kumawathowa ndi kansalu m'khitchini muja, pamene mzere unadutsa.

"Ntchito yanji yobwera nayo kunyumba pa nkhope? Anzanu amabwera ndi shuga."

Alamu ankatsegula pakamwa kuti anene, n'kuyang'ana zala za m'khoma zija, n'kungoti, "Thowani apa, mayi."

Koma mzinda, ngakhale ukule bwanji, uli ndi malire. Mitanda inayenda dera ndi dera, makina ogumulira akutsata pambuyo, nyumba zosanjikizana zikumera m'fumbi. Alamu anayesa kuchedwetsa. Ankalemba mtanda umodzi ngati akupenta galimoto ya ukwati. Anadwala dala, anataya bulashi dala. Chaona mnzako chapita, akulu anatero, koma sananene kuti chimabwera utachinyamula wekha m'chitini. Tsiku linafika pamene mumsewu mwawo munatsala khoma limodzi loyera.

Mbiri inathamanga. Onse amene anawamenyapo anabwera kudzaonera: wabutchala, telala, abusa, mkamwini wa simenti atabereka gogo uja kumsana. Ana anakwera m'mitengo. Wina anayamba kugulitsa madzi ozizira. Alamu anafika atavala malaya ochapa, n'kuima pakhomo pawo ngati mlendo. Analemba mtanda, koma unatuluka ngati phazi la nkhuku. Anaika chitini pansi. Anavula chipewa.

"Eni nyumba, menyani. Koma kamodzi."

Achemwali anatuluka akupukuta manja. Anthu anafutukira m'mbuyo, poti mkono wa achemwali anga ine ndimaudziwa kuyambira ndili mwana, ndipo dzino ili silinachoke lokha. Anayang'ana mtanda. Anayang'ana amuna awo. Anakhudza pentiyo ndi chala, n'kuyang'ana chalacho nthawi yaitali.

"Munadziwa liti?"

"Kalekale, mayi."

Achemwali anagwedeza mutu, n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka pang'onopang'ono, osachimenyetsa n'komwe.

Alamu anakhala chiimire, tsaya lili kutsogolo, dzuwa likuwawotcha pa dazi. Wabutchala anawayandikira n'kunong'ona kuti, "Akulu, ndikuthandizeni ine? Ndichita pang'ono." Alamu anakana: womenya akhale mwini nyumba. Ine ndinakumbutsa kuti ndinakhomapo msomali pa chitseko chimenecho, choncho kagawo ndili nako. Sanaseke. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, akuyang'ana pansi ngati ochokera kumanda. Inenso ndinachoka, n'kuwasiya ataima pomwepo, munthu amene mzinda wonse unamumenya akupempha chibakera chimodzi chimene sichinkabwera.

Nyumba inagwa. Anawapatsa chipinda m'mwamba mwenimweni mwa nyumba yosanjikizana, kumene mbalame zimakuyang'ana m'maso. Alamu anapuma pa ntchito, ndipo sanakhalitse. Chifuwa chinawatenga, osati chibakera; chibakera chinali chitawalephera kale. Pa maliro awo amuna akuluakulu analimbirana kunyamula bokosi mpaka anatsala pang'ono kumenyana, abusa n'kukuwa kuti, "Kamodzi kamodzi, abale!" Anthu anaseka misozi ili mbwee.

Masiku ano mzinda ukukulabe, ndipo mitanda ikulembedwabe. Amabwera anthu ovala zophimba nkhope, pa galimoto ya apolisi, kupopera penti injini ili chilirire, n'kuthawa. Miyala imawatsata koma imakagwa pa mawindo a anthu osalakwa. Utsi wokhetsa misozi umalowa mpaka m'miphika. Akachoka, mwini nyumba amatsala ndi chibakera chake m'manja, osadziwa kochipititsa. Amakamenya nacho galu, kapena mwana, kapena mnzake pa mpopi chifukwa cha ndowa. Ndinaona bambo wina ataima kutsogolo kwa khoma lake lolembedwa, akuyang'ana uku ndi uku, ngati akudikira kuti wina avule chipewa.

Nkhani iyi ndinkaifotokozera adzukulu awo Loweruka lapitali, m'chipinda cha m'mwamba chija, nditapuma kaye wefuwefu wa masitepe. Ndinafika pomaliza, mawu nditawatsitsa bwino: "Ndipo ana inu, agogo anu anapita kumanda chibakera chija asanachilandire. Agogo anu aakazi sanawakhudze mpaka imfa."

"Bodza!"

Achemwali anali ataima pakhomo la khitchini, chiwaya chili m'manja.

"Iwe, udzafa ukunama. Unaliko?"

"Achemwali, ine ndinaona ndi maso anga—"

"Unaona chiyani, poti unathawa ndi anzako? Ine ndimenye mwamuna wanga pamaso pa ogulitsa madzi? Nonse mutachoka ndinawaitanira m'khitchini, ndinatseka chitseko, ndinavula mphete." Anaika chiwaya pansi n'kuonetsa zala ziwiri. "Kawiri. Anagwera mu ndowa."

"Kawiri? Nanga lamulo?"

"Anafunsanso choncho, ali m'ndowamo. Ndinati koyambako ndi ka nyumba, kachiwiriko ndi kondibisira. Anaganiza pang'ono, n'kuti, 'Zoona mayi, milandu ndi iwiri.' Ndiye ndinatenthetsa madzi, ndinawathowa." Anatola chiwaya chawo. "Zaka zonsezo sindinawaonepo akudya bwino ngati tsiku limenelo, mbali imodzi ya pakamwa."