Mwamuna Wobwereka ku Sikelo

Mukadzamva anzanga pa siteji ya kabaza pa Mitundu akunditchula kuti "bambo a sikelo", musadzawafunse chifukwa chake. Amenewo amathira mchere wambiri. Bola ndiulule ndekha.

Akazi anga, a Nabanda, ali oyembekezera mwana wathu woyamba, anandipempha katatu konse kuti ndiwaperekeze kukayamba sikelo. Ankati obwera ndi amuna awo amathandizidwa koyambirira, komanso pali malangizo ofunika kuwamvera awiri. Ine ndinakanitsitsa. "Ndikakhale pakati pa azimayi, n'kumawomba m'manja? Ine? Nanga makasitomala anyamula ndani?" (Zoona zake ndinkaopa kubayidwa chala poyeza magazi. Ine ndi singano sitimwerana madzi.) A Nabanda anangoti, "Chabwino, bambo." Abale, chabwino wa mkazi muzimuopa.

Lachiwiri lina iwo analawira, ati kukaona azakhali awo. Ine ndili pa siteji, panabwera mayi wina wogulitsa tomato kuti ndimupititse kuchipatala cha ku Nathenje. Tili pakati pa ulendo anayamba kundinong'oneza.

"Achimwene, amuna anga ali ku Joni. Tikafika, mungokhala ngati ndinu bambo a kunyumba, ndithandizidwe msanga. Tomato angandiwolere. Ndikuonani bwino."

"Bwanji osapita cha kwathu komweko?"

"Kumeneko amandidziwa."

Ndinaganiza kuti ku Nathenje ngakhale galu sandidziwa. Ndinavomera, ndipo polowa ndinachita kumunyamulira kachikwama ngati mwamuna wachikondi.

Anatikhazika pa benchi ya kutsogolo, ya mabanja. Nyimbo itayamba, ndinawomba m'manja mpaka kuvomereza ndi besi. Potembenuka kuti ndione amuna anzanga, maso anga anagwera pa chitenje cha mabelu obiriwira chimene ndinagula ndekha pa Khirisimasi. M'chitenjemo munali a Nabanda. Pambali pawo panali Lufeyo, wakabaza wa pa Nathenje pompo, wandevu zake, atanyamula buku lawo lakuchipatala. Akazi anganso kwathu ankadziwika, ndiye anadzabwereka mwamuna kuno.

Tinapenyana. Iwo anayang'ana ine, anayang'ana mimba ya mayi wa tomato, kenako anapitiriza kuyimba. Ine besi inathera pakhosi.

Anesi anayamba kufunsa amuna mmodzimmodzi, ndipo tsoka linayambira pa ine. "Bambo, pakati pa mayiwa papita miyezi ingati?"

Ndinasuzumira mimba ija ngati ndikuyeza thumba la chimanga. "Isanu ndi iwiri."

"Inayi!" mayi uja ananditsina m'nthiti. Holo yonse inafa nacho chiseko.

Atafika pa Lufeyo, munthu anachita kukhosomola kaye. "Miyezi itatu ndi sabata ziwiri. M'mawa amamva chizungulire, usiku msana suwagonetsa, ndipo fungo la usipa sakulifuna."

"Mwamva? Awa ndiye amuna," anesi anatero, azimayi n'kuwomba m'manja.

Zinandipweteka kwabasi. Za chizungulire sindinkazidziwa. Za msana sindinkazidziwa. Usipawo ndinali nditagula dzulo lake lomwe, n'kumadabwa kuti bwanji akudya nsima ndi masamba okha.

Kenako anesi anatsegula buku la a Nabanda, cholembera m'manja. "Dzina la bambo a mwana?"

Lufeyo atangotsegula pakamwa, ine ndinali nditaimirira kale. "Ayi! Amenewo ndi akazi anga! Mimbayo ndi yanga!"

Anesi anatsitsa magalasi. "Nanga iyi mwabwera nayoyi ndi ya ndani?"

"Ya ku Joni," ndinayankha. (Mpaka lero sindidziwa chimene chinalankhula mwa ine.) Mayi wina anaseka mpaka kugwetsa botolo la thobwa.

Anesi anatilangiza tonse anayi titaimirira ngati ana a sukulu. Anati mayi amene mwamuna wake ali kutali azingonena zoona, athandizidwa ndithu, kusiyana n'kuyezetsa magazi a munthu wapanjira. Atatero anandisamutsira pambali pa akazi anga, Lufeyo n'kundipatsira buku ndi manja awiri. Chala chija anandibaya, ndipo ndinakuwa kuti "mayo!" pamaso pa anthu onse.

Pobwerera a Nabanda anakwera njinga yanga, koma sanandigwire m'chiuno. Anagwira chitsulo chakumbuyo. Titayandikira kwathu ndinayesa kudandaula. "Koma mayi, mpaka kumuuza Lufeyo za msana wanu?"

"Ndinamuuza kamodzi kokha panjira, anagwira," anatero mofatsa. "Inu ndakuuzani kangati?"

Ndinangochepetsa liwiro pa mabampu.

Kuchokera tsiku limenelo sikelo sindinajombeko, ndipo nyimbo zonse ndimazidziwa. Mwana anabadwa wamkazi, dzina la bambo m'buku ndi langa. Koma ndikakumana ndi Lufeyo pamsewu, amaimitsa njinga n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve, "Achimwene, mwana wathu uja akukula?"

Ndimayankha kuti akukula. Nanga nditani, poti ndi iye anayamba kumudziwa?