Mawu a bambo atsekeredwa mu laputopu

Lolemba

Iwe amene udzawerenge kope ili n'kumaseka, tayankha: ukanadina chiyani, Inde kapena Ayi? Laputopu ikunena yokha kuti kasanjidwe ka mafayilo pa disiki n'kakale, kulipo katsopano kothamanga. Ine ndimakonza mafoni pamsika wa Mangochi, palibe anandiphunzitsa. Ndikudina Inde. Ikumaliza, ikuzima, ikuyakanso. Sikirini yakuda bii, kamzere koyera kakuphethira pakona. Basi.

M'katimo muli mawu a malemu bambo, ola lathunthu, akusimba m'Chiyao mmene anaolokera malire pa Chiponde nthawi ya nkhondo. Azakhali akutsika ku Namwera Lamulungu kudzawamva achimwene awo. Ndinalonjeza ndekha, pagulu.

Sindikuda nkhawa. Ndinakopera pa fulashi.

Lachiwiri

Zomwe ndayesa:
kuchotsa batire n'kubwezera
kupukuta ramu, kachipangizo ka m'kati, ndi labala
kusintha mu bayosi, posankhira mayambidwe a makina, kuti iyambire pa disiki, kasanu
mbama imodzi, yaing'ono

Mkazi wanga akudutsa ndi ndowa: "Paja inu mumati ndinu injiniya." Bodza. Ndimati ndimaposa mainjiniya.

Lachitatu

Kanema wa pa intaneti wandiunikira. Kapulogalamu kodzutsa makina n'kakale, sikatha kuwerenga kasanjidwe katsopano. Loko wasintha, kiyi ndi yemwe uja. Mafayilo ali bwinobwino m'kati, polowera ndiye palibe. Mankhwala ake: fulashi yodzutsira makina. Ndikuipanga ndekha, pulogalamu yake ndikukopera pa intaneti. Netiweki ikukwawa tsiku lonse. Pomaliza ikufunsanso chinachake, mizere itatu ya Chingerezi. Ndani ali ndi nthawi? Inde.

Lachinayi

Fulashi ikukana. Akuti ndi ya makina amakono, laputopu yangayi yakalamba.

Ndikuizula, ndikuiyang'ana. Yabuluu. M'nyumba muno fulashi ndi imodzi yokha.

Mizere itatu ija inkanena kuti zonse za pa fulashi zifufutika. Ndaipeza mu kanema uja, ndawerenga lero ndi dikishonale ya pafoni. Sindinadye.

Lachisanu

Titatuluka ku msikiti ndikumasula disiki, ulendo kwa Che Wadi, mnzanga wa shopu yotayipa makalata pafupi ndi depoti. Tikuilumikiza pa kompyuta yawo. Nayonso siikudziwa kasanjidweka. Ikufunsa ngati tikufuna kufomata, kutanthauza kufufuta zonse. Chala cha Che Wadi chili kale pa Inde! Ndikuwamenya dzanja, kasitomala akuona.

Che Wadi, akusisita dzanja: "Achimwene, bambo anu ali moyo sankalola munthu kulowa kuchipinda kwawo. Mukuti alola lero?"

Sindikuseka. Sitikulankhulana mpaka sabata yamawa.

Loweruka

Ndikuimbira azakhali kuti ndiwauze zoona. Anthu amandidziwa, ine sindizungulira polankhula.

Iwo: "Mwanangu, wa njinga yamoto ndapangana naye kale. Ndikubwera ndi amayi ena awiri amene tinaoloka nawo. Makina ali bwino?"

Ine: "Akuyaka."

Si bodza. Akuyakadi.

Lamulungu

Afika m'mawa, atatu, fumbi mpaka m'nsidze. Akhala pamkeka. Ndikuika laputopu pampando, ndikuyatsa, ndikuulula zonse: Inde woyamba, Inde wachiwiri, fulashi yabuluu. Mkazi wanga wapeza chochita kukhitchini.

Azakhali akuyang'anitsitsa kamzere kaja nthawi yaitali.

"Ndi iwowo," akutero. "Ukawafunsa kanthu ankangophethira chomwechi, osayankha."

Amayi aja akuseka, kenako m'modzi akupukuta m'maso ndi mpango. Azakhali akuti ndisaigwirenso mpaka atapezeka munthu amene anaphunzira zimenezi kusukulu. Ndavomera. Ine.

Disiki ndaikulunga m'nsalu, ili m'sutikesi pamodzi ndi chisoti cha bambo. Mwina akadali mmenemo, mwina ayi.

Koma inu amene mumalemba mafunso a m'makompyuta, kulikonse kumene muli, konzani zimenezi. Mizere itatu ya chiyani? Lembani mawu awiri, akuluakulu, m'chinenero chathu: UTAYA ZONSE. Ndipo Inde asamakhale pafupi ndi chala changa.